Tiime kapena tipitirire? Kuona malo pa ulendo wa masiku atatu wa ku Tete

Anthu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu akamafuna galimoto yopita ku Mozambique amakhala ndi chifukwa chimodzi chenicheni: ukwati wa mwana wa achimwene ku Moatize, kwaya yaitanidwa ku tchalitchi cha ku Tete, kukazonda wachibale, kapena kukafunsa mitengo ya katundu. Masiku amakhala atatu, kunyamuka Lachisanu, kubwerako Lamulungu. Tikagwirizana za mtengo ndi mafuta, wina amayamba wakhosomola pang'ono kenako n'kuti, "Komatu a dalaivala, poti tikhala tapita kale, bwanji tikaoneko damu lija la Cahora Bassa?" Akangotero pakamwa pa onse patseguka. Uyu akufuna mlatho, uyo akufuna ku Domwe kwa makolo, amayi awiri akufunsa za msika.

Funsoli sindilinyoza. Munthu wavutikira pasipoti, wasunga ndalama miyezi ingapo, mwina n'koyamba kudinditsa pa boda, ndiye n'zomveka kuti sakufuna kubwerako atangoona denga la holo ya ukwati. Koma ntchito yanga yokonza maulendo ndi kuyendetsa anthu imandikakamiza kuwerengera chimene okwera sawerengera. Iwo amawerenga mphindi zimene akhale pamalopo. Ine ndimawerenga ola limene tikafike kogona, chifukwa nthawi iliyonse imene mwaima masana mumakailipira madzulo, ndipo madzulo a m'dziko la eni ndi odula. Choncho pa ulendo waufupi ndimalangiza kuti musankhe malo amodzi musananyamuke, muwapatse nthawi yawoyawo, enawo muwaonere pawindo.

Tiyambe ndi tsiku lenilenilo. Dzuwa kuno limawala maola 11 ndi pang'ono mu Juni, n'kumatalika mpaka pafupifupi maola 13 mu Disembala, ndipo wotchi ya ku Mozambique ndi yathu yomweyi, simusintha. Kuchokera pa boda ya Dedza, imene tsidya linalo amaitcha Calómuè, kukafika mumzinda wa Tete ndi mtunda wa pakati pa makilomita 250 ndi 300. Mumadutsa Ulónguè, likulu la boma la Angónia, n'kutsetsereka mpaka kukakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Mwanza ndi Zóbuè, kenako Moatize, kenako Zambezi. Mukafunsa Google Maps ikupatsani maola anayi kapena kupitirira pang'ono, ndipo achinyamata a m'gululo amabwera atagwira foni ngati umboni. Foniyo sidziwa kuti m'minibasi muli anthu 14, ndipo aliyense akufunika zidindo ziwiri, chotulukira ku Malawi ndi cholowera ku Mozambique. Sidziwanso za mapepala a galimoto: bulu buku, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, kalata ya mwini wake ngati woyendetsa si mwini, chilolezo choitulutsira kwa kanthawi mbali ya kuno, china choilowetsera kwa kanthawi mbali ya uko, ndi inshulansi. Pa inshulansipa ambiri amadabwa. Yellow Card ya COMESA imene anayendera ku Zambia sigwira ntchito uku, poti Mozambique sili mu COMESA, ndiye ya kumeneko mumagula payokha pa boda. M'galimoto musasowe matirayango awiri ndi jekete yonyezimira, apolisi apamsewu amafunsa zimenezo.

Pa boda mutha kumaliza m'mphindi 40, muthanso kukhalapo maola awiri ngati mwafika pambuyo pa basi yaikulu ya ku Johannesburg imene yangotsitsa anthu onse pamzere. Onjezani midzi ya m'mbali mwa msewu imene liwiro lake ndi 60, onjezani mathiraki a pa msewu wa Zóbuè amene simungawadutse pamene mwafunira, onjezani kuima kwa apolisi kuti aone mapepala. Maola anayi aja asanduka 6 kapena 7. Mukanyamuka 6 koloko m'mawa mufika dzuwa litangopendeka, ndipo zikuoneka ngati nthawi yatsala yambiri. Vuto ndi lakuti gulu la anthu 14 silinyamuka 6 koloko. Wa ku Bembeke akudikira kabaza, wa ku Lizulu waiwala pasipoti m'chikwama china, amene asunga mphatso ya akwati foni yawo sikupezeka. Mukachoka 8 koloko dziwani kuti mwachita bwino. Apa ndiye nthawi yoonera malo yatsala ola limodzi kapena awiri, osati theka la tsiku monga zimaonekera pa foni.

Chifukwa chimene ndimaumirira za mdima n'chakuti msewu umenewu usiku ndi wina. Njinga zonyamula makala ndi nkhuni zilibe nyali. Mbuzi ndi ng'ombe zimagona patala chifukwa pamakhala pofunda. Thiraki ikafera pamsewu, chizindikiro chake nthawi zambiri ndi nthambi zamasamba zimene wina waika, ndipo mumaziona mutafika kale. Maenje amene masana mumawazemba patali, usiku mumawadziwa tayala litalowamo. Ndiye dalaivala amene wakhala pachiwongolero kuyambira m'mawa ndi amene mukumupempha kuti aone zonsezi magetsi a mathiraki akumuthobwa m'maso. Mukafika mochedwa, kusaka pogona kumakhala kwa Chipwitikizi chimene simuchidziwa, mtengo amatchula ndi umene mulipire chifukwa kwina simukudziwako, ndipo eni ukwati amene anaphika nsima ya masana ayamba kuimbira abale ku Malawi kufunsa ngati kwagwa ngozi. Galimoto ikawonongeka 2 koloko masana, makaniko apezeka ndipo sitolo ya zipangizo ndi yotsekula. Ikawonongeka 7 koloko usiku mugona pomwepo.

Tsopano kuima kwenikweniko. Mawu akuti "mphindi 10 zokha" sindinawaonepo akukwaniritsidwa ndi gulu. Chitseko chikatseguka, a mpando wakumbuyo sangatuluke mpaka zidebe ndi thumba la mbatatesi zimene zili pakhomo zitatsitsidwa. Agogo atsika pang'onopang'ono, mwendo wachita dzanzi. Amayi atatu alowera kukafuna poti adzithandize, ndipo kumeneko si pafupi. Mnyamata wa foni yabwino ayamba kujambula, aliyense payekha, kenako awiriawiri, kenako gulu lonse, kenako kubwereza chifukwa a tcheya anatsinzina. Wina waona chimanga chootcha koma m'thumba ali ndi makwacha okhaokha, ndiye ayamba kufunsa amene ali ndi ma meticais kuti amusinthire, ndipo pabuka mkangano wa mtengo wosinthira. Mukati tiyeni, muwerenga mupeza 13. Wa 14 uja wapita kukafuna amene anachedwa, amene wabwera kale. Pofika potseka chitseko mphindi 40 zatha, pamalo oti munthu mmodzi akanaona n'kumapita. Mukaima kotere katatu, maola awiri apita, ndipo mukafunsa anthu mawa lake chimene anaona, ambiri akumbukira chimangacho.

Banja la anthu anayi pa galimoto yaing'ono lili ndi ufulu woposa pamenepa, ndipo kwa iwo ndimafewetsa. Koma nawonso pali chimodzi chimene sangachizembe, kutentha. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Tete ili m'chigwa cha Zambezi, pansi pa mamita 200. Ife tinazolowera kunyamuka titavala majuzi. Mu Okutobala ndi Novembala ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo thupi la munthu wa kumapiri silichedwa kugonja: mutu, chizungulire, ana kulira, agogo kungoti zii. Malo amene m'mawa mukanawayendera mosangalala, 1 koloko masana mumangofuna mthunzi. Ola lililonse limene mwataya kumtunda kozizira likukulowetsani m'chigwa dzuwa lili paliwombo. Ndiye ngati ulendo wanu ndi wa chilimwe, nyamulani madzi a m'mabotolo ochuluka kuposa amene mukuganiza, ndipo usiku musaiwale neti, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi si wa ku Dedza.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti zambiri zoyenera kuona panjirayi n'zaulere, zili pawindo. Mukachoka kumtunda kwa Angónia, kumene minda ya mbatatesi, chimanga ndi nyemba ikungofanana ndi ya ku Tsangano, dziko limasintha mukuona. Mitengo ifupika, udzu uuma, milambe iyamba kuoneka umodziumodzi kenako yochuluka, ana akugulitsa malambe m'mbali mwa msewu. Ku Moatize muona milu ya dothi la migodi ya malasha ndi fumbi lake. Mukachita mwayi muona sitima yaitali ya malasha, yomwe imadutsa m'dziko lathu lomwe lino, ku Nkaya ndi Liwonde, popita ku doko la Nacala. Muwoloka mtsinje wa Revúboè, umene madzi ake achokera kumapiri a Angónia komwe mwachokerako. Zonsezi sizifuna kuti galimoto iime. Zimangofuna kuti wina amene akudziwa azinena, ndipo anthu asagone.

Kenako mlatho. Mlatho wakale wa pa Zambezi, umene lero umatchedwa Samora Machel, unamalizidwa mu 1973, dziko lisanalandire ufulu wake mu 1975. Ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo kwa zaka zambiri katundu wa Malawi wochokera ku Zimbabwe, ku Beira ndi ku South Africa ankadutsa pamenepo. Achikulire amene anayendetsa mathiraki m'zaka za nkhondo, isanathe mu 1992, amakumbukira kuyenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Mu 2014 anatsekula wina kumunsi kwake, wa Kassuende, kuti mathiraki olemera azidutsa kumeneko. Munthu amene sanaonepo Zambezi akafika pakati pa mlathowu amangoti kukamwa yasa, ndipo pomwepo ndi pamene amafuula kuti tiime. Pamlatho sitiima, ndipo foni musaitulutsire pawindo pamene pali apolisi kapena asilikali. Kujambula malo a chitetezo, maofesi a boda ndi anthu ovala yunifolomu kungakubweretsereni mafunso amene atenge nthawi yoposa malo onse mumafuna kuona. Mlathowu umaoneka bwino mukafika, mwatsitsa katundu, mwasamba, galimoto yapuma, ndiye cha m'ma 5 koloko mwayenda wapansi kupita m'mbali mwa mtsinje. Apo mutha kukhala mpaka dzuwa kulowa osawonongera aliyense ulendo, n'kudya nsomba ya pende kapena kanyenya wa mbuzi amene Tete imatchuka naye. Kungoti m'madzimo musapondemo, ng'ona zilimo.

Nkhani yaikulu ndi Cahora Bassa, chifukwa ndi dzina limene aliyense analimva kusukulu. Damuli n'loyeneradi kuliona. Anayamba kulimanga mu 1969, madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, khoma lake ndi lalitali mamita 171, ndipo makina ake amatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kumapita ku South Africa. Dziko la Portugal linapitiriza kukhala ndi gawo lalikulu la kampani yake mpaka mu 2007, pamene Mozambique inatenga ulamuliro. Kwa ife pali kankhani kena. Mathithi a m'chigwa chimenechi ndi amene analepheretsa David Livingstone kukwera Zambezi ndi sitima yake mu 1858, ndipo atalephera anakhotera ku Shire, n'kukafika ku nyanja yathu mu 1859. Mphunzitsi aliyense wa mbiri angafune kuima pamenepo.

Koma damuli silili panjira. Lili ku Songo, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete, ndipo chakumapeto msewu umakwera phiri mokhotakhota. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 300, kutanthauza kuti mwawonjezera ulendo wina wofanana ndi wa Dedza mpaka Tete, ndi mafuta ake, pa bajeti imene inawerengedwa popanda zimenezo. Komanso si malo ongofikapo n'kulowa. Ndi malo otetezedwa, ndipo kuti muone khoma ndi makina pafupi pamafunika chilolezo chopempheratu kwa oyendetsa damulo. Gulu limene langotulukira Loweruka masana litha kubwerera litangoona geti ndi madzi patali. Ngati Loweruka ndi tsiku la ukwati, nkhani yatha, damu silikwana. Ngati Loweruka mulibe chochita china, ndiye damulo likhale ulendo wa tsikulo: mwapempheratu, mwanyamuka kukucha, mwabwerako dzuwa likadalipo, ndipo musaikeponso china chilichonse. Amene amafuna damu, msika, mishoni ndi ukwati m'masiku atatu omwewo ndimawakumbutsa za pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma.

Pali malo apakatikati amene ndimawatchula kwa magulu a mpingo. Mishoni ya Boroma ili makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa Tete, m'mbali mwa Zambezi, ndipo anaiyambitsa ndi ansembe a chipani cha Jesuit m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chake chili pachitunda choyang'ana mtsinje. Msewu wake si wothamanga, koma mutha kupita m'mawa kusanatenthe n'kubwerako nkhomaliro isanakwane. Ukwati ukakhala wa masana, kapena kwaya ikakhala yoimba madzulo, Boroma imakwana popanda kuba nthawi ya tsiku loyenda. Muyezo wanga wa malo oyenera ulendo waufupi ndi womwewo: akhale oti mupite ndi kubwera m'theka la tsiku, kuchokera pamene mwagona, galimoto ilibe katundu.

Za Domwe ndimayankha mosiyana, ndipo a ku Ntcheu ena sakondwa nane. N'zoona kuti kumeneko n'kwathu. Angoni a kwa Maseko anakhazikika m'dera la phiri la Domwe, Chikuse analamulira ali kumeneko, ndipo malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anadula anthu amodzi pakati. Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896. Mpaka lero msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire, moti pa Lizulu mutha kugula kabichi mbali ino, tomato mbali inayo. Ku Angónia mulankhula Chichewa ndipo akuyankhani m'Chichewa. Cha komweko kulinso mishoni yakale ya Lifidzi. Koma kuyandikira kwakeko ndi chifukwa chokwanira choti musapatukireko pa ulendo wa ku Tete. Malo amene ali pakhomo panu simuwaonera mothamanga, injini ikulira, dalaivala akuyang'ana wotchi. Kwa makolo sapitako mwa mphindi 20. Mukafika pamudzi pali malonje, pali kukaonekera kwa amfumu, pali nkhuku imene yagwidwa kale musanakane. Mukanyamuka musanadye mwanyoza, mukadikira nsima mufika ku Tete usiku. Konzani Loweruka lina, mupite m'mawa, mukhale tsiku lonse, mubwere madzulo. Mafuta ake ndi ochepa.

Alendo ochokera kunja amachitanso chimodzimodzi ndi malo athu. Amachoka ku Lilongwe 10 koloko akupita ku Blantyre, n'kumati panjira aona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, adya pa Dedza Pottery, atsikira ku Mua. Chongoni yokhayo, imene UNESCO inaiika m'kaundula wake mu 2006, ili ndi malo 127 omwazikana m'mapiri, ndipo kuti muone awiri kapena atatu pamafunika msewu wafumbi, wokulondolerani ndi miyendo. Timawaseka, koma tikadutsa boda timaiwala.

Sindikunena kuti galimoto iziyenda osaima. Dalaivala ayenera kutsika pakatha maola awiri aliwonse, kuwongola msana, kuzungulira galimoto, kugwira matayala, kununkhiza mabuleki pambuyo pa mtsetse wautali. Anthu nawo ayenera kudzithandiza ndi kudya. Nzeru yake ndi kuphatikiza: poti kuima n'kosapeweka, imani pamalo pamene pali choona, ndipo kumeneko kukhale kuona kwanu kwa tsikulo. Ulónguè imakwana bwino popita. Mwangochoka pa boda osakwana ola, kukadali kozizira, pali pothira mafuta, pali buledi wa Chipwitikizi wotentha, pali poti mugule simu kadi ya Movitel kapena Vodacom ngati mwatenga chiphaso, popeza netiweki ya Airtel ndi TNM imakutayani mukangolowa mkati pang'ono. Apatseni anthu nthawi yotchula pa wotchi, osati "pang'ono". Nenani kuti 10 koloko chitseko chitsekedwa, ndipo amene anena zimenezi akhale mtsogoleri wa gulu, osati dalaivala. Dalaivala akauza apongozi a mwini ulendo kuti afulumire, ulendo wonse auyenda ali wamwano.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ndani alamula. Mkangano wa malo oona usachitikire m'galimoto, pamphambano, wina akuloza kumanja wina kumanzere. Uchitike kunyumba sabata isanakwane, pamene mukusonkha ndalama. Pamenepo funsani poyera: "Amalume, mwendo wanuwo ulola kukwera chitunda?" "Achemwali, mwanayo apirira dzuwa la ku Tete?" Kawirikawiri amene amafunitsitsa kupatuka ndi achinyamata awiri atatu, pamene achikulire amangovomera kuopa kuoneka ovuta, kenako n'kukhala m'galimoto yotentha kudikira. Ngati ofuna ndi ochepa, apite okha pa Loweruka ndi galimoto ya komweko, ena apume. Ndipo mtengo wa kupatukako utchulidwe padera: makilomita owonjezera, mafuta, zolipira pamsewu, chakudya cha dalaivala. Anthu akamva kuti damu likuwonjezera ndalama zakutizakuti pa munthu aliyense, chikhumbo chimadziyeza chokha. Ndalamazo zikhale za ma meticais zosinthiratu, chifukwa kwacha imalandiridwa cha kufupi ndi malire kokha, mukatsika m'chigwa palibe amene akuifuna.

Pali mbali ya mapepala imene kupatuka kumaikhudza. Mmalawi safuna viza kuti akacheze masiku ochepa ku Mozambique, koma yang'anani chidindo chanu musanachoke pawindo, muone masiku amene akupatsani. Chimodzimodzi chilolezo cha galimoto. Amene alowa ndi kapepala ka pa boda m'malo mwa pasipoti adziwe kuti kameneko n'koyendera madera a kufupi ndi malire, si kopitira nako ku Songo. Mukatsika kukaona malo, pasipoti ikhale pathupi panu, osati m'chikwama chimene chatsala pampando, chifukwa wapolisi akakufunsani mumsika sangakuperekezeni ku galimoto mwaulemu. Ndipo galimoto yodzaza katundu, ya nambala yachilendo, siisiyidwa yokha. Wina atsale, zomwe zikutanthauza kuti pa malo alionse amene mwaima pali munthu mmodzi amene sakuona kanthu, ndipo nthawi zambiri ndi dalaivala yemwe mumati akupuma.

Amene akupitirira mpaka ku Harare nkhani yawo ndi yaifupi. Muli ndi maboda awiri tsiku limodzi, wa Dedza ndi wa Cuchamano amene mbali ya Zimbabwe ndi Nyamapanda, ndipo mtunda wonse ukupitirira makilomita 600. Pamenepo palibe choona china koma msewu. Ngati mukufuna kuona Zambezi, gonani ku Tete, ulendo ukhale wa masiku awiri. Miyala ikuluikulu ya ku Mutoko muionera pawindo mawa lake.

Latsala ndi tsiku lobwerera, limene anthu amakonda kusungirako zonse zimene zinalephereka. "Tidzaona pobwera," amatero Lachisanu. Pobwera ndiye posayenera kwenikweni. Anthu agona mochedwa ndi madansi. Galimoto yalemera ndi mpunga, mafuta ophikira, nsomba zouma za chikowa, zitenje ndi mphatso zimene eni ukwati apereka. Popita munkatsika, tsopano mukukwera mamita oposa 1,000, ndipo injini yolemedwa ikakwera mapiri amenewo masana dzuwa likuswa mtengo, muvi wa kutentha umakwera nawo. Ikawira muima ola lathunthu pamalo opanda mthunzi kudikira kuti izizire, ndipo chivundikiro cha radiyeta musachitsekule ikadali yotentha. Kutsogolo kuli boda imene ili ndi maola ake ogwirira ntchito, amene muyenera kufunsa tsiku lolowa chifukwa amasintha, ndipo ulendo uno simungodinditsa chabe: a MRA afuna kuona zimene mwagula, ndipo ngati wina wanyamula katundu wa bizinesi, gulu lonse lidikira iye. Mukadutsa, ena akutsikira pa Dedza, koma ena akupita ku Mlangeni, ku Kampepuza, ku Ntcheu boma, ndipo ochokera kumidzi ya mkati akufunika kupeza njinga yamoto kusanade. Lolemba m'mawa ana ali ndi sukulu.

Choncho msika pitani Loweruka, malisiti musunge pamodzi m'manja mwa munthu mmodzi. Mafuta thirani Loweruka madzulo, muone madzi, oyilo ndi mpweya wa tayala la sipeya, katundu mumange usiku womwewo. Kutsanzikana ndi eni khomo kuchitikenso usikuwo, chifukwa mukakusiyira m'mawa akuphikirani tiyi ndi mbatata ndipo simungakane. Lamulungu kukangoyera muzikhala mukuwoloka Zambezi, kuti mapiri muwakwere kusanatenthe ndipo pa Calómuè mufike masana.